Akawonongeka Adzakonza Ndani? Phunziro la Magemu a Ana ku Zengeza 2

Pa ntchito zachitukuko pali funso limodzi limene ambiri timachita nalo manyazi. Bungwe likabweretsa mphatso ya makina, kaya ndi chigayo, pampu yothirira mbewu kapena makompyuta, amayi amaimba nthungululu, atsogoleri amalankhula, zithunzi zimajambulidwa, koma palibe amene amaimirira n'kufunsa kuti, "Kodi makinawa akadzawonongeka adzakonza ndani, nanga nzeru yokonzera ili m'manja mwa yani?" Timaopa kuoneka osayamika. Chotsatira chake n'chakuti m'midzi ndi m'matauni mwathu mwadzaza manda a makina, zitsulo zabwinobwino zimene zinangosowa kachipangizo kamodzi kapena munthu mmodzi wodziwa chinsinsi chake.

Ine funsoli linandifikira kudzera m'njira imene ena mungaiyese yachibwana, ndiyo masewera a pakompyuta, amene ana amati magemu. Ndikupemphani, inu alangizi ndi alimi anzanga, kuti mudekhe nane, pakuti zimene ndinaona m'kati mwa kompyuta n'zomwezo zimene inu mumakumana nazo pamjigo ndi m'munda.

Kumene ndikulembera

Ndimakhala ku Zengeza 2, m'tauni ya Chitungwiza, makilomita pafupifupi 30 kumwera kwa Harare. Tauniyi inakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza madera a Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo kalembera wa mu 2022 anapezamo anthu oposa 370,000. Ambiri amadzuka m'mamawa kupita kukagwira ntchito kapena kukagulitsa malonda ku Harare, n'kubwera dzuwa litalowa, motero masana onse ana amakhala odzilera okha.

Bambo anga anachokera ku Dedza nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nadutsa ku Tete wapansi, nakagwira ntchito m'mafamu a fodya. Ife ana awo kuno amatitcha mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale kuti ambiri a ife sitinapondeko ku Blantyre. Ineyo ndinathera unyamata wanga ndikukonza makina otayipira ndi a fotokope m'maofesi a mu Harare, ndipo ntchitoyo itatha ndinayamba kuthandiza pa kagulu kathu ka m'dera kamene kamasamalira achinyamata. Vuto lathu lalikulu si lachilendo kwa aliyense wokhala m'matauni a Zimbabwe: ntchito kulibe, masana ndi aatali, ndipo mankhwala ozunguza bongo, makamaka oopsa aja kuno amati mutoriro, akutilanda ana pamaso pathu.

Tsiku lina tinalandira makompyuta asanu ndi atatu akale kuchokera ku ofesi ina imene inkagula atsopano. Tinawaika m'chipinda chobwereka, tinayamba maphunziro a kutayipa, koma patangotha milungu itatu mipando inali mbee. Anyamata ankabwera, n'kufunsa ngati muli magemu, tikati ayi ankatembenuka. Nditapereka maganizo pakomiti kuti tiikemo magemu, mayi wina wachikulire amene timamulemekeza kwambiri anandifunsa kuti, "Bambo, kodi tinapempha makompyutawa kuti ana aphunzire, kapena kuti azithamangitsa tigalimoto pagalasi?"

Ndinati, "Mayi, mwana amene akuthamangitsa kagalimoto muno tikumuona ndi maso athu. Amene ali kuseri kwa mashopu ndiye sitikudziwa chimene akuthamangitsa."

Komiti inavomera, koma inaika lamulo lakuti ola la magemu lizibwera pambuyo pa ola la maphunziro, ndiponso kuti tisagwiritse ntchito mapulogalamu akuba. Lamulo lachiwirili ndi limene linatitengera ku Linux.

Pulogalamu ya umunthu

Kompyuta iliyonse imafuna pulogalamu yaikulu yoiyendetsa, imene mapulogalamu ena onse amakhalira pamsana pake. Yodziwika kwambiri ndi Windows, ya kampani ya Microsoft, imene imagulitsidwa ndipo kalembedwe kake ka m'kati ndi chinsinsi cha eni ake. Makompyuta athu anabwera ndi Windows yakale imene eni ake anali atasiya kuisamalira, ndipo kugula yatsopano ya makina asanu ndi atatu kunali kutali ndi thumba lathu. Njira imene ambiri amatsata, yokopera Windows ndi magemu mwakuba, imabwera ndi mavairasi amene amayenda pa fulashi ngati chitopa m'khola la nkhuku.

Linux inayambidwa mu 1991 ndi Linus Torvalds, amene panthawiyo anali wophunzira ku Helsinki m'dziko la Finland. Iye anaphatikiza ntchito yake ndi ya gulu la GNU, limene Richard Stallman analiyambitsa mu 1983, ndipo lamulo lawo ndi lakuti aliyense ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito pulogalamu, kuwerenga mmene inalembedwera, kuisintha ndi kugawira anzake, malinga ngati amene walandirayo asalandidwe ufulu womwewo. Mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa mtundu wa Linux wosavuta kugwiritsa ntchito, nautcha Ubuntu, mawu amene kwathu timati umunthu ndipo anansi athu Achishona amati hunhu. Kufikira mu 2011 kampani yake inkatumiza zimbale za Ubuntu kwaulere pa positi kwa aliyense wopempha, ndipo ine ndinali mmodzi wa amene analandira kaenivulopu kotero m'zaka zovuta zija pamene ndalama ya Zimbabwe inkasungunuka m'manja.

Choncho Linux sinali yachilendo kwa ine. Tinasankha mtundu wake wopepuka woyenera makina okalamba, ndipo madzulo amodzi makompyuta onse anadzuka. Kulemba makalata, kuwerengera ndalama ndi kusindikiza zinkayenda bwino lomwe. Tinaikamo GCompris ndi Tux Paint za ana aang'ono, komanso SuperTuxKart, gemu ya mpikisano wa tigalimoto, ya akuluwo. Apa m'pamene mnyamata wina anandiitana n'kunena kuti, "Amalume, galimoto yanga ikuyenda ngati bilimankhwe." Zinalidi zoona. Chithunzi chinkadumphadumpha, kagalimoto kankafika pakona dzanja litakhota kale.

Kapitawo ndi anthu a dima

Kuti timvetse vutoli tiyenera kusuzumira m'kati mwa bokosi. M'kompyuta muli kachipangizo kamene ndi bongo wake, kochenjera kwambiri, kotha kugwira ntchito ya mtundu uliwonse, koma kamagwira ntchito zochepa panthawi imodzi. Kali ngati kapitawo wodziwa zonse za pamunda. Tsono galasi la kompyuta yamasiku ano lili ndi timadontho toposa 2 miliyoni, ndipo kuti diso lione galimoto ikuthamanga mosadukiza, timadontho tonseti tiyenera kupakidwa utoto watsopano ka 30 kapena ka 60 pa sekondi imodzi. Kapitawo mmodzi, kaya achenjere chotani, sangapalire yekha munda wotere. Pamafunika dima, khamu la anthu ogwira ntchito yophweka yofanana, aliyense pamzere wake, onse nthawi imodzi. Dima limeneli ndi chipangizo chimene amisiri amati graphics card, ife tizingoti khadi la zithunzi. M'makompyuta ena limamangidwira pamodzi ndi bongo uja, ndipo limakhala laling'ono. Mwa ena ndi khadi lapadera lolowetsa pamalo pake, lokhala ndi fani yakeyake.

Koma pali chinthu china. Kapitawo ndi anthu a dima salankhula chinenero chimodzi. Pakati pawo pamafunika womasulira, pulogalamu yaing'ono imene imatchedwa dalaivala. Ife amene makolo athu ankalankhula Chichewa kunyumba, Chilapalapa pafamu ndi Chishona kumsika timadziwa bwino kuti womasulira akasowa, ntchito imaima ngakhale anthu ali ndi mphamvu ndi makasu m'manja. Khadi labwino lopanda dalaivala woyenera ndi chitsulo chabe.

Tinasonkha ndalama pang'ono n'kugula makhadi awiri ogwiritsidwapo kale ntchito kwa okonza makompyuta m'tauni. Loyamba titangolilowetsa n'kuyatsa, Linux inalizindikira yokha, popanda kufunsa kanthu, ndipo bilimankhwe uja anasanduka gwape. Lachiwiri linali lamphamvu kuposa loyamba, lodulanso. Dalaivala wake anali wotsekedwa, wolembedwa ndi kampani yokha imene inapanga khadilo. Linagwira ntchito miyezi ingapo, koma tsiku limene tinakonzanso Linux kuti ikhale yatsopano, galasi linangoti bii. Titafufuza tinapeza kuti kampaniyo inali itaika khadilo m'gulu la zinthu zakale zimene sizidzalandiranso dalaivala watsopano. Fani inkazungulira, chitsulo chinali chamoyo, palibe waya amene anapsa, koma womasulira anali atapuma pantchito ndipo buku la chinenero chake linali lokhomeredwa m'kabati kutsidya kwa nyanja. Akulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Ife khadi tinagula ndi ndalama zathu, koma nzeru yoliyendetsera inali yobwereka.

Mbiri ya madalaivala

Makampani akuluakulu opanga zipangizo za zithunzi za makompyuta ndi atatu, Intel, AMD ndi Nvidia, ndipo aliyense anayenda njira yakeyake pa nkhani ya Linux. Intel, imene zipangizo zake zimapezeka m'makompyuta ambiri a m'maofesi, inayamba kalekale kulemba madalaivala ake poyera. AMD, itagula kampani ya ATI mu 2006, inayamba mu 2007 kutulutsa mabuku ofotokoza mmene makhadi ake amagwirira ntchito, ndipo mu 2015 dalaivala wake wapoyera wotchedwa amdgpu analowa mu Linux mwenimwenimo. Nvidia kwa zaka zambiri inkapereka dalaivala wa Linux wamphamvu ndithu koma wotsekedwa, kotero kuti anthu odzipereka anayamba ntchito yotchedwa Nouveau, yoyesa kulemba dalaivala wapoyera pongoonerera mmene khadi likuchitira, ngati munthu wophunzira chinenero pomvetsera kuseri kwa chitseko. Mu 2012 Linus Torvalds anadzudzula kampaniyi pagulu pa yunivesite ya Aalto ku Finland. Mu Meyi 2022 Nvidia inatsegula mbali imodzi ya dalaivala wake, ya makhadi opangidwa kuyambira cha mu 2018, ngakhale kuti mbali ina idakali yotsekedwa.

Kusiya makhadi akale si khalidwe la kampani imodzi. Onse amene anakhalapo ndi madalaivala otsekedwa anachitapo zimenezi, chifukwa wamalonda amapindula mukagula chatsopano. Kusiyana kuli apa: dalaivala akakhala wapoyera, kampani ikatopa naye, wina aliyense wodziwa angathe kupitiriza. Madalaivala ambiri apoyera amasonkhanitsidwa mu ntchito yotchedwa Mesa, imene Brian Paul anaiyamba mu 1993, ndipo mmenemo makhadi ena a Radeon opangidwa mu 2002 anali akukonzeredwabe dalaivala ndi anthu odzipereka patapita zaka 20. Kunena zoona, ngakhale kumeneko zinthu zimakalamba, pakuti mu 2022 a Mesa anapatula madalaivala ena akale kwambiri n'kuwaika pambali. Koma zolembedwazo zilipobe poyera, ndipo chitseko sichinakhomedwe.

Zimene mjigo unadziwa kale

Nkhani imeneyi kwa inu si yatsopano ayi. Kuno ku Chitungwiza madzi a m'mipope amabwera mwa apo ndi apo, ndipo mabanja ambiri amadalira mijigo. Mjigo wotchuka m'dziko lino ndi Bush Pump, umene Tommy Murgatroyd anaupanga koyamba mu 1933 ku dera la Matabeleland. M'zaka za m'ma 1980 Peter Morgan wa ku Blair Research Laboratory mu Harare anaukonzanso, n'kutulutsa mtundu wotchedwa B, umene boma linausankha kukhala mjigo wa dziko lonse. Morgan sanalembetse luso limeneli ngati chuma chake. Mapulani ake ndi a aliyense, mmisiri aliyense wodziwa kuwotcherera angathe kupanga zipangizo zake, ndipo pamene chogwirira chimazungulira pali chipika cha mtengo wolimba chimene kalipentala angathe kusema.

Ku Malawi nako nkhani ndi yomweyo. Mjigo wa Afridev, umene uli pafupifupi m'mudzi uliwonse, unayambira ku Malawi komweko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ukutchedwa Maldev. Anaupanga dala kuti komiti ya pamudzi, amayi ndi abambo ophunzitsidwa masiku ochepa, izitha kuzula ndodo ndi kusintha mphira yakutha pogwiritsa ntchito sipanala imodzi, osadikira galimoto yochokera kuboma. Mapulani akenso ndi apoyera, n'chifukwa chake zipangizo zake zimapangidwa ndi makampani ambiri ndipo zimapezeka m'magolosale a m'matauni ang'onoang'ono.

Yerekezani tsono kuti wina wakukumbirani chitsime n'kuikapo pampu yokongola, yotunga madzi ambiri kuposa Afridev, koma mabawuti ake amamasulidwa ndi sipanala imene ili ndi kampani yokha. Chaka choyamba mudzamuyamika. Chaka chachisanu, kampaniyo ikadzasiya kupanga mtundu umenewo, amayi adzabwerera kudambo, madzi ali pansi pa mapazi awo. Khadi lathu lachiwiri linali pampu yotero. Alimi amene amasunga mbewu yamakolo pambali pa mbewu yogula chaka ndi chaka akudziwa nzeru yomweyi: yogula ingabereke kwambiri, koma ya m'nkhokwe ndi imene simupempha chilolezo kwa munthu kuti muibzale.

Walira mvula walira matope

Ndingakhale wonama nditanena kuti Linux inatipatsa zonse zimene ana ankafuna. Magemu ambiri otchuka amalembedwera Windows, chifukwa ndi kumene kuli ogula ambiri. Kuti ayende pa Linux pamafunika womasulira wachiwiri. Ntchito imeneyi inayamba mu 1993 ndi pulogalamu yotchedwa Wine, ndipo kwa zaka zambiri inali yofuna kudekha kwakukulu, gemu ina kuyenda, ina kukana. Zinthu zinasintha kampani ya Valve, mwini wa sitolo ya magemu ya pa intaneti yotchedwa Steam, italowererapo. Mu 2013 inatsegula Steam ya Linux, mu 2018 inatulutsa Proton, imene inamangidwa pa Wine, ndipo mu 2022 inayamba kugulitsa Steam Deck, kamakina ka magemu kogwira m'manja koyendera Linux ndi chipangizo cha zithunzi cha AMD. Popeza kampaniyi inafuna kuti malonda ake ayende, inalipira amisiri kuti akonze madalaivala apoyera, ndipo phindu la ntchitoyo linafika kwa aliyense, mpaka kwa ife a ku Zengeza amene sitinalipire kalikonse. Lero magemu zikwizikwi a Windows amayenda pa Linux.

Komabe pali malire atatu amene tinakumana nawo. Choyamba, Proton imadalira kwambiri chinenero chatsopano cha zithunzi chotchedwa Vulkan, chimene chinatuluka mu 2016, ndipo makhadi ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2012 sachimva. Makompyuta athu ena ndi a m'badwo umenewo. Chachiwiri, magemu ena a pa intaneti ali ndi pulogalamu yolondera kuti osewera asabere, imene imafuna kulowa m'kati mwenimweni mwa Windows, ndipo eni ake salola kuti iyende pa Linux. Fortnite ndi Valorant ndi zitsanzo zodziwika. Anyamata athu chimene ankachifunitsitsa chinali gemu ya mpira wamiyendo imene amaiona m'mashopu a magemu, ndipo mitundu yake yatsopano ili m'gulu lomweli. Anadandaula, ena awiri anasiya kubwera, ndipo sindinawanamize kuti mawa zidzatheka. Chachitatu, magemu akuluakulu amasiku ano amalemera magigabaiti 50 ngakhale 100, ndipo ndalama ya intaneti yokopera gemu imodzi yotere ingagule ufa wa banja.

Palinso nkhani ya magetsi. Mu 2019, madzi atachepa m'nyanja ya Kariba, madera ambiri a Zimbabwe ankakhala opanda magetsi mpaka maola 18 patsiku, ndipo vutoli linabweranso kumapeto kwa 2022. Makhadi amphamvu kwambiri amadya mawati oposa 300 khadi limodzi, pamene kompyuta yonse ya muofesi yokhala ndi chipangizo chaching'ono cha zithunzi imadya ochepa kuposa pamenepo. Kwa gulu lodalira sola ndi batire, khadi lalikulu ndi ng'ombe imene msipu wake mulibe.

Motero tinakhazikika pa magemu aufulu, amene ndi opepuka ndipo lamulo limalola kuwakopera pa fulashi n'kugawana: SuperTuxKart, 0 A.D. ya kumanga midzi ndi kumenya nkhondo zamakedzana, Battle for Wesnoth, OpenTTD ya kuyendetsa sitima ndi mabasi, ndi Luanti, imene kufikira mu 2024 inkatchedwa Minetest, ya kumanga nyumba ndi tizidina. Tinalumikiza makompyuta ndi mawaya m'chipindamo kuti ana azipikisana okhaokha popanda intaneti. Phokoso la Loweruka masana limamveka mpaka kumsewu.

Zimene zinamera

Chimene chinandikondweretsa koposa si magemuwo. Tsiku limene galasi linada, ana sanabalalike. Anazungulira bokosi, ndipo mtsikana wina wa Fomu 3 anafunsa kuti, "Amalume, ngati khadi silinapse, chalakwika n'chiyani?" Funso limenelo linabala phunziro limene sindikanatha kulikonza ndekha. Tinaphunzira kufunsa kompyuta dzina la khadi lake polemba mawu akuti lspci, kuwerenga uthenga umene makina amalemba akalephera, kuchotsa dalaivala wina n'kuika wina. Khadi lija tinaliyendetsa ndi dalaivala wapoyera wa anthu odzipereka. Mphamvu zake zonse sizinabwerere, koma likugwira ntchito pa kompyuta ya ana aang'ono.

Mwana amene akufuna kuti gemu yake ithamange amaphunzira msanga kuposa amene akuphunzira kuti akondweretse mphunzitsi. Amene ankabwerera magemu okha anayamba kupukuta fumbi m'mafani, kusintha mamemore, kumanga mawaya olumikizira. Anyamata awiri tsopano amathandiza kwa okonza mafoni ndi makompyuta pamashopu, ndipo amabwera ndi kangachepe kunyumba. Mtsikana uja anapeza kuti mawu a m'magemu aufulu amasungidwa m'mafayilo amene aliyense angatsegule, ndipo anayamba kusintha ena kuti akhale m'Chishona ndi m'Chichewa. Malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa zinenero 16 zovomerezeka m'dziko lino, koma kwa adzukulu a anthu a m'mafamu, kuchiona pagalasi la kompyuta, cholembedwa ndi mnzawo, chinali chinthu china. Mayi wa komiti uja ndi amene tsopano amasunga makiyi a chipindacho, ndipo lamulo la ola la maphunziro amalisunga mosanyengerera.

Sindikunena kuti magemu amachiritsa mwana amene walowa kale m'mankhwala ozunguza bongo. Ameneyo amafuna chipatala, makolo ndi uphungu. Magemu nawonso akapanda malire amadya nthawi ya sukulu ndi ya ntchito zapakhomo. Koma m'dera limene mulibe bwalo labwino kapena laibulale yapafupi, chipinda chimene mwana amafuna kulowamo mwa kufuna kwake, muli munthu wamkulu womuyang'anira, n'chuma chosafunika kuchipeputsa.

Safunsa anadya phula

Nkhaniyi ili ndi changu chake. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inathetsa chisamaliro chanthawi zonse cha Windows 10, ndipo Windows 11 imakana makompyuta ambiri akale amene alibe zipangizo zina zimene imafuna. Izi zikutanthauza kuti maofesi a m'maiko olemera, ndi a m'mizinda yathu yomwe, akuchotsa makina ambirimbiri amene alibe chilema chilichonse. Ena mwa makinawa adzafika kwa inu ngati mphatso, kusukulu, kutchalitchi, kukalabu ya alimi kapena ku ofesi ya mlangizi. Angathe kukutumikirani zaka zina zambiri, kapena angathe kudzaza chipinda n'kukhala malo oikira mazira a nkhuku. Kusiyana kwake kudzachokera pa mafunso amene mudzafunse tsiku lolandira.

Funsani kuti m'makinamo muli pulogalamu yanji, ndipo eni ake adzasiya liti kuisamalira. Funsani dzina la chipangizo cha zithunzi, ndipo ngati pali kusankha, tengani chimene dalaivala wake ndi wapoyera, ngakhale chikhale chochepa mphamvu. Musanagule kompyuta kapena khadi logwiritsidwapo kale ntchito, pitani ndi fulashi yokhala ndi Linux, pakuti Linux imatha kuyendera pa fulashi popanda kusintha kalikonse m'makinamo. Yatsani, onani ngati chithunzi, mawu ndi intaneti zikugwira, kenaka perekani ndalama. Werengerani magetsi amene makinawo adzadye musanawerengere liwiro lake. Pemphani wopereka mphatso kuti mbali ina ya thandizo ikhale yophunzitsa anthu awiri kapena atatu a m'dera lanu, monga mmene timachitira ndi komiti ya mjigo, ndipo mwa anthuwo musaiwale atsikana. Potsiriza, ana akapempha magemu musawathamangitse. Ikani malire, khalani nawo pafupi, ndipo makina akavuta apatseni sikuludalaivala m'manja.

Wopereka mphatso wa mtima wabwino sakhumudwa ndi mafunso amenewa, chifukwa nayenso safuna kuti thukuta lake likathere m'manda a makina. Makolo athu anabwera m'dziko lino kudzagwira ntchito pa makina a eni, ololedwa kuwayendetsa koma osaloledwa kudziwa za m'kati mwake. Adzukulu awo ali ndi mwayi wotsegula bokosi, ndipo udindo wathu akuluakulu ndi kuonetsetsa kuti zimene tikuwalandirira ndi zotheka kutsegula.